Galasi la Pamfuti ya Mlenje wa Boma: Likhale Lalikulu Kodi, Kapena Laling'ono?

Mlendo amene angamve kuti m'makomboni a mzinda wa Lilongwe, ku Kawale, ku Biwi, ku Area 23 ndi ku Area 25, kumene nkhawa ya tsiku ndi tsiku ili pa mtengo wa ufa, makala ndi lendi ya nyumba, muli amuna amene amatha kukhala pansi kuyambira dzuwa lili paliwombo kufikira litapendeka, akutsutsana za galasi loyenera kumangidwa pamsana pa mfuti ya mlenje, angathe kuyesa kuti nkhaniyo njachabe. Koma iye amene adziwa kuti mzinda uno, chilandirire ulikulu wa dziko m'chaka cha 1975, wakhala ukusonkhanitsa antchito a boma ochokera ku mbali zonse, ndi kuti pakati pa nkhalamba zimene zidapuma ntchito n'kumanga nyumba zawo m'makomboni amenewa pali asilikali, apolisi ndiponso agemu amene adathera unyamata wawo m'nkhalango za Kasungu, Nkhotakota, Vwaza ndi Lengwe, sadzazizwa nazo konse. Kuwonjezera apo, tonsefe okhala m'tauni tili ndi kumudzi. Ndipo pamene lamya ilira usiku kuchokera kwa Chulu ku Kasungu, kunena kuti njovu zathyola mpanda ndi kugumula nkhokwe, kapena kuchokera ku Salima, kunena kuti ng'ona yatenga mwana padooko, funso lakuti mlenje wa boma adzafika ndi chida chotani, ndi lakuti kodi adzalasa bwino kapena adzangovulaza, likhala funso la m'nyumba mwathu momwe.

Ndiyambe ndamasula chinthu chimodzi, kuti wowerenga asandiyese wolimbikitsa kupha nyama mwachisawawa. Masiku a uzimba ndi liwamba, pamene mudzi wonse unkatuluka ndi agalu, mauta, nthungo ndi zibonga, adapita; lamulo loteteza nyama zakutchire, limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1992 ndi kulimbitsidwa m'chaka cha 2017, lipereka chilango chofika zaka 30 m'ndende kwa wopha nyama zotetezedwa koposa, monga njovu ndi chipembere, ndipo palibe munthu aloledwa kusunga mfuti wopanda chiphaso cha apolisi. Amene ndikunena pano ndi mlenje wa boma, wagemu wa nthambi yoona za nkhalango ndi nyama zakutchire, amene ntchito yake yaikulu ndiyo kusunga nyama zamoyo, koma amene, nyama ina ikalusa ndi kuyamba kupha anthu, njira zonse zoipirikitsira zitakanika, atumidwa kukaitsata ndi kuipha. Ndipo nkhani yake sinazilale m'zaka zino, pakuti njovu pafupifupi 500 zidasamutsidwira ku Nkhotakota kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete m'zaka za 2016 ndi 2017, zina 263 zidapita ku Kasungu m'chaka cha 2022, ndipo chichokere pamenepo, m'midzi yoyandikana ndi nkhalango ya Kasungu, kuno ndi kutsidya kwa malire ku Zambia, mwamveka maliro a anthu ophedwa ndi njovu.

Tsono galasi limene tikunenali ndi kampope ka chitsulo kokhala ndi mandala m'kati, kamene kamangidwa pamwamba pa mfuti. Mlenje akasuzumiramo aona kamtanda kowonda, ndipo pamene kamtandako kagona ndi pamene chipolopolo chiyenera kukagwa. Mphamvu yake iwerengedwa ndi maulendo amene likuza nawo chinthu: lokuza kanayi lionetsa nyama ya pa mamita 100 monga ili pa mamita 25, ndipo lokuza maulendo 20 liionetsa monga ili pa mamita asanu. Alipo magalasi ang'onoang'ono, okuza kuyambira kamodzi ndi theka kufikira kasanu, amene kulemera kwake sikufika magalamu 350. Aliponso akuluakulu, okuza kuyambira kasanu kufikira maulendo 25, amene ena a iwo alemera kilogalamu yathunthu. Mkangano wa pakati pa awiriwa si wa kwathu kuno kokha. Ku America, m'mapiri a Colorado, Idaho ndi Montana, kuli nyama ya nyanga zanthambi yotchedwa elk, imene yamphongo yake itha kupitirira makilogalamu 300; alenje ake aisaka ndi chiphaso cha boma, nayenda pansi masiku angapo pamalo okwera molingana ndi nsonga za phiri la Mulanje, atasenza chakudya, hema ndi mfuti, ndipo akapha anyamula nyamayo kumsana kufikira kumene adasiya galimoto. Iwowa nawo adagawikana pawiri, ena nati galasi likhale lalikulu kuti alase kuchokera pa chitunda china kufikira pa chinzake, ena nati likhale lopepuka, pakuti mwendo ndiwo ufikitsa mlenje pamene pali nyama. Anyamata athu, amene aona zithunzi za alenje amenewa pa lamya za m'manja, ambiri akopeka ndi galasi lalikulu, pamene nkhalamba zimene zidayenda m'tchire zipukusa mitu.

Mtsutsowu ndidaumva utayalidwa bwino lomwe ku Area 25, pakhonde pa mkulu wina amene adagwira ntchito ya ugemu kufikira imvi, tsiku limene adachezeredwa ndi mwana wa mlongo wake, msilikali wokhala ku Area 23, mnyamata waulemu ndi wodziwa mfuti. Mnyamatayo, atakhala pa kampando kakafupi, chipewa chili pabondo, adati: "Atsibweni, inu mudziwa kuposa ine kuti ng'ona siilola munthu kuiyandikira. Imawothera dzuwa pamchenga tsidya lija la mtsinje wa Bua, pa mamita 80 kapena 100, ndipo ikangomva kamtengo kathyoka, yalowa m'madzi. Malo oti muilase ife pomwepo ndi ubongo wake, umene sufika ngakhale dzira la nkhuku, kapena pamfundo ya khosi kuseri kwa kamwa. Mukaphonya ndi zala ziwiri zokha, yapita, ndipo mawa idzatenga mayi wina wotsuka mbale. Mvuu nayo, masana, ingotulutsa maso ndi makutu pamwamba pa madzi. Nanga bwanji tikane chida chimene chingatibweretsere malo ang'ono chotere pafupi ndi diso? Ndiponso, atsibweni, munthu amene atha kulasa chilombo ali patali abwerera kwa ana ake wamoyo. Tataya anthu okwanira chifukwa choyandikira."

Mawu amenewa ngolemera, ndipo ine sindifuna kuwapeputsa, makamaka popeza alipo ena owonjezera amene mnyamatayo, chifukwa cha ulemu, sadawatchule pamaso pa mkulu. Maso akalamba msanga kuposa miyendo. Munthu akapitirira zaka 45, diso lake livutika kugwira zinthu zitatu nthawi imodzi, ndizo kampata ka kumbuyo kwa mfuti, kachitsulo ka kunsonga, ndi nyama ili kutsogoloyo, pamene galasi liika kamtanda ndi nyama pamalo amodzi ooneka bwino. Ndipo zilombo zambiri zovuta zituluka chisisira chitagwa kapena m'bandakucha, nthawi imene galasi la khomo lalikulu lipambana ndithu. Kuwala kumene kufika m'diso kudziwika pogawa kukula kwa khomo la galasi ndi mphamvu yake: khomo la mamilimita 56, pa galasi lokuza maulendo 8, lipereka mamilimita 7, ndiwo muyeso umene kamwana ka m'diso la mnyamata katseguka nawo mumdima, pamene kagalasi ka khomo la mamilimita 20, kakaikidwa pa mphamvu ya kasanu, kapereka mamilimita 4 okha. Pamwamba pa zonsezi pali chilungamo kwa nyama yomwe, pakuti mlenje wa boma satumidwa kukapha njovu iliyonse imene angakumane nayo, koma ija yothyoka nyanga ya kumanzere, ija ya chilonda cha waya pamwendo, imene anthu a m'mudzi adaiona. Ndipo akapha yosalakwa wachimwa kawiri, popeza wataya chuma cha dziko, nasiya wakupha akali moyo. Amene ati galasi lalikulu lithandiza kuzindikira zizindikiro zotere munthu asanawombere, sanena zopusa.

Mkulu uja sadafulumire kuyankha. Adayamba wafunsa za mlongo wake ndi za ana, natuma mdzukulu kukatunga madzi akumwa, ndipo pambuyo pake adati: "Mwana wanga, pa ng'ona sindikutsutsa, wanena zoona. Koma iwe udaphunzira mfuti pabwalo lolambulidwa, utagona chafufumimba, mfuti itatsamira pathumba la mchenga, chandamale chitaima duu kudikira chipolopolo chako. Tiye ndikutengere ku Kasungu mwezi wa Malichi, mvula isanathe, pamene udzu wa tsekera umabisa munthu ndi chipewa chake chomwe. Ukutsata njati imene idadula waya wa msampha n'kuthawa nawo pamwendo, chilonda chikununkha, ndipo yagunda kale mlimi m'munda mwake. Mame akunyowetsa kufikira m'chifuwa. Mapazi ake ukuwaona m'matope, madzi akali kulowamo, kusonyeza kuti yangodutsa kumene. Mnzako wotsata mapazi waima, wakweza dzanja, ndipo timbalame tija timadya nkhupakupa pamsana pake tauluka patsogolo pomwepa. Pamenepo njatiyo suiona; uona udzu ukugawikana. Ndiuze tsono, mwana wa mlongo wanga, galasi lako lija lokuza maulendo 12 lidzakuonetsa chiyani?"

Funso limenelo masamu omwe aliyankha, ndipo masamu sakondera mkulu kapena mnyamata. Galasi likamakuza kwambiri, dera limene lionetsa limachepa molingana: pa mamita 100, loikidwa pa kamodzi ndi theka lionetsa dera lopingasa mamita oposa 20, la kanayi lionetsa pafupifupi mamita 9, ndipo la maulendo 12 lionetsa mamita atatu okha. Chotero nyama ikakhala pa mamita 20, galasi la maulendo 12 lionetsa kachigawo kosafika ngakhale mita imodzi, ndiko kunena kuti mlenje aona chikopa chakuda chitadzaza diso lonse, osadziwa ngati ndi phewa, nthiti kapena ntchafu, kapenanso aona masamba okhaokha. Pamene laling'ono lija lionetsa mamita anayi, njati yonse pamodzi ndi munthu amene waima pambali pake, ndipo mlenje atha kulunjika maso onse awiri ali chipenyere. Njati yolusa ithamanga makilomita pafupifupi 50 pa ola, ndiwo mamita 14 pa sekondi imodzi, kotero kuti mamita 20 aja atha masekondi awiri asanakwane, ndipo m'nthawi yochepa chotero palibe danga lofunafuna nyama m'kati mwa kampope. Makolo adati mbalame ikatera pauta siilasika, ndipo galasi lalikulu, m'tchire lowirira, lisandutsa chilombo chilichonse chapafupi kukhala mbalame yotereyo. Tisaiwalenso kuti dziko lathu silifanana ndi mapiri oyera a ku America. Kupatula zitunda za Nyika ndi madambo akuluakulu, nkhalango zathu nza mitengo ya mombo, msuku ndi muwanga, ya nsungwi m'zigwa ndi bango m'mphepete mwa mitsinje, m'mene diso silifika patali kawirikawiri. M'mwezi wa Meyi chaka cha 2019, msilikali wa ku Britain wa zaka 22, amene ankathandiza agemu athu kulondera nkhalango ya Liwonde, adaphedwa ndi njovu imene idatulukira gulu lawo mu udzu wautali. Ndimo m'mene ngozi ifikira m'tchire lathu, modzidzimutsa ndi pafupi.

Za kulemera, anthu a m'maofesi amaziyesa zazing'ono, chifukwa sadasenzepo. Mfuti za ntchito imeneyi, monga .375 Holland & Holland imene idatuluka ku London m'chaka cha 1912, kapena .458 Winchester ya m'chaka cha 1956, zilemera kale makilogalamu anayi kapena kuposerapo, ndipo ziyenera kutero, pakuti zikadapepuka, kukankha kwake powombera kukadapweteka phewa la mwini wake. Wagemu wopita kukagona m'tchire masiku angapo asenzanso madzi, ufa, ndiwo, mphika, chofunda ndi zipolopolo. Ndipo magalamu 700 owonjezera, amene m'mawa samveka, madzulo a tsiku lachitatu, pokwera mapiri a Thuma kapena potsika m'maphompho a Nkhotakota dzuwa la mwezi wa Okutobala likuswa mtengo, akhala atasintha kagwiridwe ka mfuti. Apa ndi pamene pali choopsa chenicheni, chimene owerengera magalamu papepala sachiona: mfuti yolemera ichoka m'manja nipita paphewa ndi lamba wake, kenaka ichoka paphewa nigonekedwa pamwamba pa katundu, ndipo tsiku limene udzu ugawikana ipezeka ili kumsana. Davide, pamene Sauli adamuveka zida zake zachifumu kuti akamenyane ndi Goliati, adazivula chifukwa sadazizolowere ndipo zidamulepheretsa kuyenda, natenga choponyera miyala chake ndi miyala isanu ya mumtsinje. Sikuti zida za mfumu zidali zoipa, koma kuti sizidali za nkhondo imene mnyamatayo ankadziwa kumenya. Pali ndi zina zimene amisiri a mfuti adziwa: galasi lolemera, pa mfuti yokankha mwamphamvu, livutitsa zomangira zake kufikira zitakhwepa, ndipo likakhwepa kamtanda kaloza kwina, chipolopolo chipita kwina; galasi la khomo lalikulu liyenera kukwezedwa pamwamba, kotero kuti tsaya lichoka pa thako la mfuti ndipo diso lichedwa kupeza kamtanda, ndipo ambiri a magalasi amphamvu, akakwezedwa mphamvu, afuna diso lisendere pafupi, ndiyo njira imene alenje ena adatemekera pachikope mfuti itabwerera.

Mnyamata uja sadagonje msanga, ndipo adachita bwino, pakuti adali nalo yankho. Adati: "Komatu atsibweni, magalasi a masiku ano ali ndi mkombero wopotokola, m'tchire lowirira mutsitsa mphamvu, pamtsinje muikweza, ndipo galasi limodzi ligwira ntchito ziwiri." Izi nzoona pang'ono. Alipodi tsopano magalasi oyambira pa kamodzi kufikira maulendo 6 kapena 8, ndipo amenewa, ngakhale alemera kuposa ang'onoang'ono akale, ine ndiwawerengera ku mbali ya mkulu uja, chifukwa chofunika pa galasi la m'tchire si pamene mphamvu yake ilekezera, koma pamene iyambira. Galasi loyambira pa kasanu, ngakhale mulitsitse chotani, silitsika kupyola pamenepo. Ndipo munthu amene dzulo madzulo adakweza mphamvu poyang'ana mvuu pathamanda, mtima uli m'mwamba ndi thupi litatopa, aiwala kawirikawiri kubweza mkomberowo, nadzakumbuka njati itadzuka. Mbiri nayo ichitira umboni mbali yomweyo. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, imene makolo athu a King's African Rifles adamenya nawo ku Abyssinia ndi ku Burma, akatswiri olasa patali a ku Britain ndi a ku Russia ankagwiritsa magalasi osapitirira mphamvu ya kanayi, nalasa nawo pa mamita mazanamazana. Ndipo Walter Bell wa ku Scotland, amene kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 adapha njovu zoposa 1,000, ntchito imene lero tiiyang'ana ndi chisoni, zambiri adazipha ndi mfuti yaing'ono yopanda galasi konse, chifukwa adaphunzira bwino pamene pali ubongo wa njovu ndipo ankayandikira.

Koma chimene chindikokera ine kotheratu ku mbali ya galasi laling'ono si kulemera ayi, kapena kukula kwa dera limene lionetsa. Ndi chimene galasi lalikulu lichita mumtima mwa munthu. Lisendeza chithunzi cha nyama pafupi, koma nyamayo siliisendeza, ndipo chipolopolo sichidziwa kuti mwini wake akuona bwino. Chipolopolo cha .375, cholemera pafupifupi magalamu 19, chimene chawongoledwa kuti chigwe pa kamtanda pa mamita 100, chikafika pa mamita 300 chikhala chitatsika ndi theka la mita kapena kuposerapo. Mphepo ya mwera ichikankhira pambali. Mpweya wotentha wa m'chilimwe, umene unjenjemera pamwamba pa nthaka, ugwedeza chithunzi m'galasi lamphamvu. Ndipo kugunda kwa mtima ndi kunjenjemera kwa mkono wa munthu amene wangokwera chitunda, galasilo likukuza maulendo omwewo amene likuza nyama. Komabe mlenje, poona njovu itadzaza diso lake, ayesedwa kuti awombere pomwe aliri, osavutikanso kukwawa mamita 200 otsalawo motsutsana ndi mphepo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Njovu yolasidwa m'mimba kapena pamwendo siifera pamenepo. Iyenda ndi ululu wake masiku ambiri, ndipo amene adzakumana nayo si mlenje uja, koma mayi wopita kudimba m'mamawa, kapena mwana wopita kusukulu. Galasi laling'ono liuza mwini wake zoona: nyama ikakhala kutali, liionetsa yaing'ono, ndipo munthu adziwa kuti ayenera kusendera kapena kuleka. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ulenje wonse wabwino, kuyambira wa uta kufikira wa mfuti, wakhala ntchito ya kudekha kumeneku.

Nanga za kuzindikira nyama, zija ndidavomereza kuti nzofunika? Ndizivomerezabe, koma ntchito imeneyo nja magalasi a m'manja oonera patali, amene apachikidwa pakhosi, osati ya galasi lomangidwa pamfuti. Pakuti yense woyang'ana chinthu kudzera m'galasi la pamfuti walozetsa kale mfuti pa chinthucho, asanadziwe chimene chili. Ife a ku Chinsapo tiona m'mawa uliwonse njinga za makala zikutsika kuchokera ku Dzalanyama, ndipo tidziwa kuti m'nkhalango zathu mumayenda anthu ochuluka, otema nkhuni, ofula njuchi, azimayi ozula bowa m'dzinja. Ena alowamo mophwanya lamulo, inde, koma palibe mmodzi wa iwo amene ayenera kugonekedwa pa kamtanda chifukwa chakuti wagemu afuna kuonetsetsa chimene chagwedeza chitsamba. Ndipo chilombo chikalowa pakati pa nyumba za anthu, nkhaniyi ikula koposa. Mzinda uno uli ndi afisi ake, amene akhala m'nkhalango za m'mphepete mwa mtsinje wa Lingadzi ndi kuyenda usiku. Ndipo ambiri akumbukira chaka cha 2003, pamene chilombo cha ku Dowa chidapha anthu atatu ndi kuthawitsa ena pafupifupi 4,000 m'midzi yawo. Mlenje amene angaitanidwe pa ntchito yotere, pamalo othithikana monga Mgona, pamene khoma la nyumba ina liyandikana ndi khomo la inzake, ndipo ana athamangira kumene kuli phokoso, ayenera kuona zonse zili kumbali ndi kuseri kwa chilombocho asanakhudze chowombera. Galasi limene limuonetsa khutu la fisi koma limubisira mwana amene akudutsa kumbuyo kwake, ndi mdani wa mudzi.

Pomaliza pali ndalama, imene m'dziko muno siingasiyidwe kunja kwa mtsutso uliwonse. Zida zonsezi zigulidwa kunja ndi ndalama zakunja, ndipo chichokere pamene kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse m'mwezi wa Novembala chaka cha 2023, mitengo yake idakwera kwambiri. Galasi lalikulu labwino lidya ndalama zimene zikadagula ang'onoang'ono abwino angapo. Ndipo lalikulu lotsika mtengo, la mtundu umene anyamata ena amaitanitsa kuti aike pa mfuti zampweya, lolembedwa manambala akuluakulu pambali, lichita nkhungu m'kati mvula ikagwa, ndipo likaikidwa pa .458 silikhalitsa. Kuyera kwa mandala ndi kulimba kwa zomangira kuposa kuchuluka kwa manambala.

Chiweruzo changa tsono ndi ichi, ndipo ndichipereka kwa akuluakulu a nthambi ya nyama zakutchire, ndi kwa mabungwe amene agwira nawo ntchito, monga African Parks ku Liwonde, Majete ndi Nkhotakota, ndi Wildlife Action Group ku Thuma. Mnyamata wa ku Area 23 adalungama pa ng'ona ndi pa mvuu, ndipo msasa uliwonse wokhala pafupi ndi nyanja, ndi Shire, ndi Bua kapena ndi Linthipe, ukhale ndi mfuti imodzi ya galasi la khomo lalikulu, lokuza kufikira maulendo 9 kapena 10, yoperekedwa kwa munthu wophunzitsidwa, amene adzawombera atabisala ndi mfuti itatsamira. Koma pa mfuti imene iyenda pansi kutsata njovu, njati, mkango kapena fisi, galasi likhale lopepuka, loyambira pa kamodzi kapena kamodzi ndi theka, losapitirira kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, lomangidwa pafupi ndi chitsulo cha mfuti, ndi lotha kuchotsedwa msanga kuti tizitsulo tolunjikira takale tigwire ntchito galasi likasweka. Ndalama zotsalazo mugulire agemu magalasi a m'manja, nsapato zolimba, ndi zipolopolo zokwanira zophunzirira mwezi ndi mwezi. Ndipo musanasainire pepala logulira, tumani munthu ku Area 25 ndi ku Kawale akafunse nkhalamba zimene zidagwira ntchitoyi, zikali ndi moyo.